Madigadi Amene Ndinakana Kudula

Tinashe, bwera nacho kuno chitsulocho. Ayi, usachiponye, ndipatse m'manja. Ndakuona ukuchilonga m'thumba limodzi ndi zitini ndi mawaya, ukufuna ukachipereke kwa ogula zitsulo ku Chikwanha. Khala pansi. Nawenso Chikondi siya foniyo, sithawa. Ndikudziwa kuti mundiyankha m'Chishona monga mwa masiku onse, koma makutu anuwo Chichewa amamva, ndiye ine ndilankhula changa.

Ichi ndi chidutswa cha madigadi a galimoto yanga, chitsulo chija chimakhala pamwamba pa tayala kutchinga matope. Ndinachidula ndekha ndi sowo, m'tchire, agogo anu aakazi ali m'bokosi pamthunzi wa mtengo. Ana inu simunawaone. Tinashe unali m'mimba ku Joni, iwe Chikondi unali usanaganiziridwe n'komwe.

Ine ndinabadwira papulazi ya fodya kuseri kwa Mvurwi. Bambo anga anachoka ku Dedza wapansi, anafika kumeneko nsapato zili paphewa. Agogo anu, Nachisale, anabadwira m'komboni yomweyo, nyumba zathu zinkayang'anana. Anzanu kusukulu akamati pa Khirisimasi akupita kumusha, kumudzi kwawo, inu mumasowa chonena. Nafenso tinkasowa. Ku Malawi sitinapondeko, kuno munda sitinapatsidwe. Dothi lokha lomwe tinkati ndi lathu linali manda a papulazi, kachitunda ka mitengo ya masuku kumusi kwa zigafa za fodya. Kumeneko kuli makolo anga, kuli amayi awo a Nachisale, komanso kuli Lute, mwana wathu woyamba, mlongo wa bambo anu, amene anatisiya asanayambe kuyenda. Masiku amenewo maliro sankavuta mayendedwe. Thirakitala ya papulazi inkabwera ndi ngolo yake, bokosi pakati, amayi m'mbali, komboni yonse pambuyo.

Titasamukira m'tauni ndinaphunzira kuwongola magalimoto. Anyamata a masiku ano amangomata phala pamalo popindika n'kupenta pamwamba, mvula ikagwa kawiri zonse n'kusweka. Ife tinkamvetsera chitsulo. Dzanja lina limagwira chotsamiritsa kuseri, lina hamala, kho kho kho, mpaka chitsulo chibwerere pomwe chinali. Pomaliza umatsinzina n'kusisita ndi chikhatho, chifukwa chikhatho chimaona zomwe diso laphonya. Ndinali wonyada, zimenezo sindibisa. Ndinalinso ndi lamulo langa loti ine ndine wowongola, si wodula. Chitsulo chabwinobwino sindinkachiika sowo, ngakhale mwini wake apemphe chogwada.

Pikapu yangayo ndinaigula itagubuduzika, denga litagunda mipando. Ndinaiwongola chaka chathunthu pabwalo pomwe mwaanika zovala zanupa, ndinaipenta yobiriwira ngati kumwamba kukakhala kopanda mitambo. Anthu a mu Zengeza 4 ankaima kuionera. Nthawi imeneyo agogo anu ankagulitsa tomato ku Chikwanha, ndipo anatopa ndi kudikira ine kuti ndikawatengere katundu ku Mbare. Lamulungu lina titachoka kutchalitchi anati ndiwaphunzitse kuyendetsa. Kupita kutsogolo anakhoza ndithu. Koma nditati abwerere m'mbuyo, anaponda mafuta m'malo mwa mabuleki, galimoto n'kukadzigunda pamtengo wa mapeyalawu, mbali yakumanzere, pamwamba penipeni pa tayala lakumbuyo. Mapeyala aawisi anagwa ngati matalala. Tayang'anani pathunthupo, chipsera chake chikadalipo.

Ndinatsika mtima ukuwawa, koma ndinadzilimbitsa. Ndinati, "Musadandaule, mawa ndiwongola."

"Mukhudzepo muone," anatero agogo anu akuseka. "A Mbewe, pakhomo pano chilichonse mwawongola ndinu. Geti ndinu, mapoto ndinu, ngakhale supuni ikapindika simugona tulo. Apa pokha ndapinda ine. Pasiyeni, anthu azidziwa kuti nanenso ndinayendetsapo galimoto."

Sanayendetsenso kuyambira tsiku limenelo, ndipo ine sindinakhudzepo. Makasitomala ankandiseka kuti wowongola wanji woyenda ndi galimoto yobonyoka. Ndinkangoti akazi anga anasainapo.

Kenako dziko linatembenuka. Mapulazi analandidwa, anthu a m'komboni mwathu anabalalika. Chaka chija a boma anagwetsa zisakasa m'tauni, changa chogwirira ntchito ndinachiphwasula ndi manja anga, chifukwa tinauzidwa kuti wosaphwasula yekha amuphwasulira. Mafuta anasowa, magalimoto anaima m'mayadi. Tsono galimoto yoima sichita ngozi, nanga wowongola adye chiyani? M'masitolo munangotsala mashelefu. Inu mumanyansidwa ndi buledi wadzulo, ife tinkachita chakudya cha masana ndi maputi, chimanga chokazinga chija, odzaza dzanja. Nyengo yake ikafika tinkadya mapeyala othira mchere, m'mawa ndi madzulo. Agogo anu ankati mtengowu ukubweza ulemu chifukwa anaugwedeza.

Bambo anu, Yohane, anawoloka Limpopo wopanda mapepala, mayi anu n'kuwatsatira. Azakhali anu Esnati analowera ku Botswana. Nyumba yomwe inkachepa inakula mwadzidzidzi. Tinatsala awiri, ndipo mumsewu wathu wonse panalibenso wina wolankhula naye Chichewa kupatula Lamulungu kutchalitchi. Ndinkayankhula ndi Nachisale, Nachisale ankayankhula ndi ine, basi.

Matenda a shuga anali nawo kuyambira kale, koma mankhwala atasowa anawagwira zenizeni. Miyendo inatupa, maso anayamba kuchita nkhungu. Tsiku lina m'mawa ndikuwathira madzi m'manja anati, "A Mbewe, ine ndikapita mukandiike kwa Lute."

"Mwayamba zanu zija," ndinatero.

"Sindikucheza. Mwana uja wagona yekha nthawi yaitali. Kuno mukandiika pakati pa anthu osandidziwa, pachikwangwani nambala."

"Ndamva."

"Kumva kokha ayi. Nenani."

Ndinanena. Ndinati ndikawaika kwa Lute. Mawu amenewo ndiwo anandidulitsa galimoto yanga.

Papulazi panatsala mkulu mmodzi wa msinkhu wathu, a Jailosi, amene analibe kolowera. Ndinawatumizira uthenga kudzera mwa munthu wogulitsa fodya, yankho linabwera patatha milungu. Anati manda alipo, eni malo atsopano alibe nawo mawu, koma msewu kulibe. Chichokereni mwini pulazi palibe anaupala. Mlatho wamitengo unapita ndi madzi, tsopano pamafunika kuwoloka mumtsinje, ndipo njira yonse ndi mchenga ndi ngalande zokumbidwa ndi ngolo za ng'ombe. Ndinayang'ana matayala a pikapu yanga. Anali aang'ono, osalala ngati mutu wangawu, mawaya ali pamtunda. Amenewo sakanafika ngakhale ku Mazowe, pakati pa njira.

Matayala m'sitolo munalibe. Ndinazungulira mpaka ndinapeza bambo wina ku Chikwanha amene anali ndi anayi aakulu, a mano ngati a thirakitala, ali ndi malimu ake omwe. Kumene anawatenga sindinafunse. Ndalama masiku amenewo zinali zitatha mphamvu, munthu sankazifuna, ndiye ndinamupatsa kompulesa yanga yopentera, yomwe inadyetsa ndi kuphunzitsa bambo anu. Akundithandiza kukweza anagwedeza mutu, amvekere, "Mudhara, matayi aya haakwani pamota yenyu. Motocheka simbi." Ankanena kuti sakwana, ndiyenera kudula chitsulo. Ndinamuyankha kuti ntchito yanga asandiphunzitse, koma ndinkadziwa kuti akunena zoona.

Mabowo a malimu anagwirizana bwinobwino, onse asanu ndi limodzi. Nditamanga n'kutsitsa jeke, galimoto inaima mwamatama ngati tambala. Koma nditangopinda chiwongolero pang'ono, tayala linaluma madigadi. Mvetsani apa, chifukwa mwina wina mwa inu adzakhala ndi galimoto. Tayala silingozungulira pamalo amodzi. Limakhota, limakwera, limatsika. Galimoto ikalemedwa kapena ikagwera m'dzenje, thupi lake limatsika kukakumana ndi tayala. Ndiye ukaika tayala lalikulu uyenera kulidulira malo, ndipo muyeso wake ndi zala zinayi pakati pa mphira ndi chitsulo, galimoto itasenza katundu. Woyeza galimoto yopanda kanthu akudzinamiza yekha.

Ndinamanga chingwe pakati pa limu, kumapeto kwake choko, n'kujambula mzere wozungulira pamadigadi. Makina odulira ndinali nawo, koma magetsi ankatha masiku osaoneka, ndiye ndinatsika ku sowo yamanja. Mipeni yake inatsala itatu yokha, ndipo yogula kunalibe. Ndinaima nthawi yaitali sowo ili m'manja. Utoto umenewo ndinapaka ndekha, chitsulo chimenecho ndinachisisita ndi chikhatho changa. Mano a sowo atalowa koyamba ndinamva mpaka m'mano mwanga. Ukadula sunamalize. Umapala ndi tupa, kenako umapinda mlomo wa chitsulocho kuti uyang'ane m'kati, pang'onopang'ono ndi pulayala ndi hamala, apo ayi umakhala mpeni wodikira tayala. Pomaliza ndinkang'amba paipi yothirira maluwa n'kuveka pamlomopo. Tsiku limodzi ndinkamaliza mbali imodzi, manja atatuluka matuza. Ndikamaliza ndinkakweza matumba a mchenga kumbuyo, n'kulowetsa dzanja kuti ndione ngati zala zinayi zikukwana.

Agogo anu ankanditulutsitsa mpando kuti azindionera. Ankakhala pansi pa mtengowu, miyendo ili pachitini, chitenje chili paphewa. Anansi akamadutsa ankafunsa kuti mudhara mwapenga kodi, mukuidula bwanji galimoto yokongola chonchi. Ndinkawauza kuti ndikufuna kukasaka chimanga kumidzi. Tsiku lina agogo anu anatopa nazo.

"Auzeni zoona, a Mbewe," anatero. "Chimanga chake ndine."

Anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke.

Mbali zitatu zinatha. Tsiku lachinayi ndinafika kumanzere kumbuyo. Nditajambula mzere wa choko, pobonyoka paja panagwera m'kati mwa mzere, ponse, ngati ndachita kuyeza dala. Choipa china n'chakuti chitsulo chobonyoka chimalowa m'kati, ndiye pamenepo ndi pomwe panayandikira tayala kuposa pena paliponse. Ngakhale wophunzira ntchito wa sabata imodzi akanadziwa kuti poyamba kudula ndi pamenepo. Ine ndinanyambita chala, ndinafufuta choko uja, n'kujambula mzere wina m'munsi. Ndinadula pang'ono uku ndi uku, pakati n'kusiya. Matumba a mchenga tsiku limenelo sindinakweze.

Maso a agogo anu anali atafooka, koma makutu ayi. Anamva kuti sowo yasiya kulira msanga.

"Mwamaliza kale?"

"Ndamaliza."

"Apo mwasiyapo."

"Pakwana."

"Mwayeza ndi matumba aja?"

"Ndayeza ndi maso."

"Maso anuwo ndiwo akasenze bokosi? Dulani, bambo. Ine ndinayendetsa kale galimoto yanga, anthu anaona."

Ndinawauza kuti ndidula mawa. Mawa lake ndinati sowo yatopa, mkuja ndinati kukubwera mvula. Zoona zake, ana inu, n'zakuti ndinkaopa. Mbali zitatu zija ndinadula ndikudziuza kuti ndikukonza galimoto. Koma yachinayiyi ndinkaona kuti ndikadula ndiye kuti ndavomera kuti akupita, ndipo ine nditsala ndekha m'nyumba muno.

Anapita ndithu, osadikira kuti ndivomere. Munali mu Febuluwale, chaka cha 2008, mvula itagwa yambiri. Anamwalira m'mawa, ndikuwatenthetsera madzi osamba pamoto wa nkhuni kuseri kwa nyumba. Ndinaimbira bambo anu pafoni ya anansi. Analira mpaka mawu anatha, koma mtsinje wa Limpopo unali wodzaza, mapepala analibe, mayi anu anali pafupi kuchira. Esnati naye chimodzimodzi. Sindinawasungire chakukhosi, ndipo inu musadzawafunse za tsiku limenelo. Bungwe lathu la maliro linali litafa kale agogo anu asanafe. Bokosi tinakhoma ndi a Banda, mkulu wa kutchalitchi kwathu, kuchokera ku wadilopu ya agogo anu. Galasi lake ndi lija mumadziyang'anirapo m'bafa.

Dizilo ndinali nditasonkhanitsa kale pang'onopang'ono m'zigubu, ndikubisa kunsi kwa bedi. Anthu opita nafe anapezeka asanu ndi mmodzi: a Banda, bambo wina, ndi amayi anayi a mpingo otsogozedwa ndi mayi Sakala, mayi wamfupi wa mawu aakulu amene ankaimba limodzi ndi agogo anu. Ataona ndikutsegula chitseko cha kutsogolo anandigwira mkono.

"Namfedwa sagwira chiwongolero, a Mbewe. Zinayamba zachitikapo kuti?"

"Ndiye agwire ndani, mayi?"

Anayang'ana uku ndi uku, panalibe wina wodziwa kuyendetsa. Anandisiya. Amayi anakhala kumbuyo mozungulira bokosi monga mwa mwambo, abambo awiri aja n'kukhala komweko kuti aziligwira lisatsetsereke. Kutsogolo ndinali ndekha. Pampando wa pambali panga, pomwe agogo anu ankakhala ndi dengu la tomato pamiyendo, panali sowo, hamala ndi jeke.

Tinanyamuka kukucha. Pa tala zonse zinayenda bwino, nyimbo zikumveka kumbuyo. Titapitirira Mvurwi n'kulowa msewu wafumbi, galimoto inagwera m'kadzenje koyamba, ndipo ndinamva khwee! kumanzere kumbuyo. Ndinadziwa nthawi yomweyo. Ndinachepetsa liwiro, ndinkazemba maenje, ndinkapendeketsa galimoto kumanja ngati munthu wotsimphina. Koma maenje anachuluka, kuliranso kunachuluka. Ndikanaima pomwepo, ntchito yake inali ya theka la ola. Sindinaime. Ndinkangoti tatsala pang'ono, tatsala pang'ono.

Dzuwa lili pamutu tinafika potsetserekera kumtsinje. Pamenepo njira inapendekera kumanzere, ngalande ya ngolo inali yakuya. Katundu yense anatsamira mbali imodzi, chitsulo chinakhala patayala. Injini inabuula, galimoto inanjenjemera, n'kuima. Ndinapondanso mafuta, inasuntha pang'ono n'kuimanso. Fungo la mphira wopserera linadzaza ponseponse. Nyimbo inaduka, wina anamenya denga ndi chikhatho.

Musaseke zomwe ndinene apazi. Ife tinakula tikumva kuti maliro amatha kukana. Bokosi limalemera mwadzidzidzi, onyamula n'kumalephera kusuntha, ndipo akuluakulu amati mwini wake ali ndi chifukwa. Anthu amene anali kumbuyo kwangawo anali Akhristu oimba m'kwaya, koma nawonso anakulira m'makomboni. Nditatsika ndinapeza mayi Sakala atagwada pambali pa bokosi, akuomba m'manja pang'onopang'ono.

"Nachisale, mayi, tamverani," ankatero. "Ngati ndi za ana, anafuna kubwera, njira ndiyo yawakaniza. Ngati simukufuna kukagona pamalo pomwe palowa alendo, nenani, tibwerera nanu. Musatizunze m'tchire muno."

A Banda anabwera pafupi nane, chipewa chili m'manja. "A Mbewe, zvakaoma izi, zavuta. Galimoto yayenda bwinobwino kuchokera ku Zengeza, ikakanire pano poona manda? Mayiwa sakufuna. Tidzokere, tibwerere tikawaike kwathu ku Chitungwiza dzuwa lisanatiwonongere thupi."

Ndinagwada m'matope n'kusuzumira. Chitsulo chija chinali chitasema ngalande kuzungulira tayala lonse, yolowa chala, ndipo pena ulusi woyera unali utayamba kuoneka. Tayala lapadera ndinalibe, anali anayi omwewo. Likanaphulika tikanakhala pamenepo ndi maliro, dzuwa likuswa mtengo, mudzi uli kutali.

Ndikuuzeni chinthu chomwe sindinauzepo bambo anu. Ndinaganiza zokhala chete. Anthu anali atapeza kale chifukwa chawo. Tikanabwerera pang'onopang'ono, aliyense akanati Nachisale anakana yekha, dzina langa la ntchito likanakhala loyera, chitsulo changanso chikanatsala pamalo pake. Maganizo amenewo anandifikira ndithu, ndipo mpaka lero ndimachita nawo manyazi. Koma kutsidya kwa mtsinje ndinkaona nsonga za mitengo ya masuku ija.

Ndinaimirira ndinati, "Mayi Sakala, dzukani. Si Nachisale akukana. Ndine."

Onse anandiyang'ana. Ndinawaonetsa pobonyoka paja, ndinawauza za tsiku la mapeyala, za mzere wa choko womwe ndinafufuta, komanso kuti mwini wake anandiuza kuti ndidule ine n'kukana.

"Ndiye mwatiyendetsa ulendo wonsewu mukudziwa?" anafunsa mayi Sakala.

"Ndikudziwa."

Ndinkayembekezera mawu awo aakulu aja, koma anangopukusa mutu. "Amuna inu," anatero. "Tsitsani bokosi, mayiwa apume pamthunzi."

Tinatsitsa bokosi n'kuliika pansi pa mtengo, amayi anakhala molizungulira. Ndinapeza mwala wafulati, ndinaikapo jeke, ndinakweza galimoto. Choko sindinafune, mzere woyamba uja unali m'mutu mwanga. Mpeni wa sowo unali womaliza, mano ena atagweluka. Ndinayamba kudula. Amayi anayambanso nyimbo, chapansipansi, ndipo sowo inkalira pakati pa nyimboyo. Nditafika pakati mpeni unathyoka. Ndinatenga chidutswa chachitaliko, ndinachikulunga kansanza, n'kupitiriza ndi zala. Zipsera izi mukuziona apazi si za ntchito ina ayi. A Banda anati andilandire, ndinakana.

Chitsulo chitagwera m'matope ndi pomwe ndinalira. Kunyumba sindinalire, pokhoma bokosi sindinalire, koma pamenepo ndinakhala pansi m'matope, munthu wamkulu, n'kulira mokweza ngati mwana wotayika pamsika. Palibe anandiletsa. Nditatha ndinapukuta chitsulocho ndi malaya, ndinachiika m'thumba la jekete, ndinapinda mlomo wotsalawo ndi hamala monga ntchito imafunira.

Titakwezanso bokosi ndinawauza onse kuti akhale kumanzere. Ndinalowetsa dzanja pakati pa mphira ndi chitsulo, zala zinayi zinakwana. Tinalowa mumtsinje madzi akufika pazitseko, matayala aja anagwira miyala ya pansi, galimoto inakwera kutsidya osaliranso. Ndinamva mayi Sakala kumbuyo akuti, "Mwaona, mayi? Tafika."

Uthenga wa maliro unali utatsogola, ndiye a Jailosi anali akudikira ndi madala ena atatu, manda atakumba kale. Komboni yathu inali itagwa, zigafa zopanda madenga, koma masuku anali pomwe tinawasiya. Manda a Lute ndinawadziwa ndi chimbale cha pulawo chomwe ndinalembapo dzina lake ndi moto wowotcherera ndili mnyamata. Kamtumbira kake kanali katatsika, kofanana ndi mzere wa mbatata. Tinawaika amayi ake pambali pake, moyandikana kwambiri moti dothi la manda atsopano linagwera pa akale. Tinalipo anthu khumi ndi mmodzi. Mayi amene ankaphika pamaliro a komboni yonse anaikidwa ndi anthu okwana m'galimoto imodzi.

Pothira dothi ndinapisa dzanja m'thumba. Ndinkafuna ndiponyemo chitsulochi kuti apite nacho, popeza chinali chawo. Ndinachigwira, dzanja linakana kutuluka. Ndinati mumtima, Lute watenga amayi ake, pulazi yatenga makolo anga, Joni ndi Botswana zatenga ana anga, ine nditsale ndi chiyani? Ndinathira dothi ndi dzanja linalo.

Tayala lija linatifikitsa kunyumba ndi ngalande yake. Anthu atabalalika ndinatsala ndi zipinda zinayi ndi mpando uja pansi pa mtengo. Panapita miyezi ndisanaulowetse m'nyumba. M'mawa ndinkadzidzimuka ndikuti "mwadzuka bwanji" popanda woyankha. Masabata ena ankatha osatulutsa liwu limodzi la Chichewa, mpaka lilime linkalemera Lamulungu. Mapeyala chaka chimenecho anabereka kwambiri, ankagwa n'kuolera pansi chifukwa wodya ndinali ndekha. Galimoto ndinadzaigulitsa kwa munthu wonyamula mchenga, pakuti ndikaiona mbali yakumanzere ija ndinkasowa mtendere. Kupulazi sindinapitekonso. A Jailosi anamwalira, ndipo sindikudziwa ngati pali wina amalambula pamandapo.

Wati chiyani, Tinashe? Kuti n'chopindika, chilibe ntchito? Ndakumva, ngakhale wanenera m'Chishona. Ine ndinawongola mabasi ogubuduzika, mwana iwe. Ichi n'chongomenya katatu ndi hamala, ndipo hamala yake ili m'bokosi langa la zida kuseri kwa chitsekocho. Zaka zonsezi ndimadziwa pomwe ili.

Tenga, ukachikoleke pamsomali pomwe unachichotsa. Mbali yobonyokayo iyang'ane kunja, anthu azidziwa kuti agogo ako anayendetsapo galimoto.